Mpando wa NyaMtonga

Ntchito ya pa bwalo la ndege ku Lundazi anandipezera ndi malume anga, amene anali mesenjala ku boma ndipo ankamva nkhani zisanafike ngakhale kwa eni ake. Nthawiyo n'kuti nditalekeza sukulu fomu 3, ndili kwathu kwa Mwase, ndikusoka fodya wa anthu mpaka zala kuda bii. Tsiku lina malume anafika pa njinga thukuta lili kamukamu, nati ndisambe msanga, ndivale diresi la kutchalitchi, kampani ya ndege ikufuna kalaliki wamkazi. Amayi anafunsa ngati ndizikakwera ndegeyo. Malume anaseka mpaka kutsokomola.

"Mlongo, uyu azikakweza anzake. Iye azitsala pansi."

Ananena zoona. Nthawi yonse imene ndinagwira pamenepo sindinaulukepo ngakhale kamodzi.

Wondilemba ntchito anali a Sakala, bambo wa ku Chipata, wamfupi, wokonda tayi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Sanandifunse za masamu kapena satifiketi. Anafunsa ngati ndili ndi khadi ya chipani, pakuti masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi ngakhale tomato pamsika sankagulitsa. Ndinaitulutsa. Kenako anafunsa ngati ndimamva Chitumbuka, chifukwa iwo ankangodziwa "monile" ndi "yewo" basi. Ndinati sekondale ndinaphunzira pa boma pomwepo, ndimachiyankhula ngati ndinachita kuyamwira. Anandipatsa bulauzi yoyera ndi siketi yabuluu imene inasokedwera munthu wonenepa kuposa ine, nati ndiyambe mawa lake.

Amene sanafikeko angaganize kuti bwalo la ndege ndi malo a magalasi ndi magetsi. Lathu linali bwalo lalitali ndithu la udzu wotchetcha, kanyumba ka malata ka zipinda ziwiri, ndi mtengo wachitsulo wokhala ndi thumba lansalu losonyeza komwe mphepo ikulowera. M'kanyumbamo munali wailesi yoyankhulirana ndi a ku Chipata ndi a ku Lusaka, kabati ya matikiti, ndi sikelo yachitsulo yoimapo, yofanana ndi ija ankayezera chimanga kumsika wa boma. Panja panali makwerero a matayala, zipika zamatabwa zotsekera matayala a ndege ikaima, ndi mabotolo ofiira ozimitsira moto amene palibe ankadziwa ngati munali kanthu.

Tsiku la ndege tinkalawirira ndi mlonda kuyenda bwalo lonse, kuchokera kumutu mpaka kumchira. Tinkathamangitsa ng'ombe, pakuti eni ake ankati udzu wa boma ndiye wonenepetsa. Tinkasalaza ndi khasu timachulu ta chiswe tomwe tamera usiku. Nyengo ya mvula ndinkaponda pansi ndi chidendene malo ndi malo. Chidendene chikalowa, ndinkauza a Sakala, iwo n'kuuza kaputeni, woyendetsa ndege, pa wailesi asanatere.

Ikatha imeneyo inkabwera ntchito ya sikelo. Ndege yathu inali yaing'ono, choncho tinkayeza katundu ndi mwini wake yemwe. Munthu aimirire, ine ndiyendetse kachitsulo pa mkono wa sikelo mpaka mkonowo ugone mowongoka, ndilembe makilo pambali pa dzina lake. Amayi ena a ku boma ankandiuza kuti ndisamatchule mokweza. Wina anavula juzi ndi wotchi poganiza kuti zithandiza. Makilo onsewo ndinkawaphatikiza n'kupereka pepala kwa kaputeni. Udzu ukanyowa, kapena kukatentha kwambiri, ndege imafuna mtunda wautali kuti inyamuke, ndipo bwalo lathu silinkatalika chifukwa cha munthu. Kaputeni akati tichotse makilo akutiakuti, panalibe kutsutsa.

Koma vuto lalikulu silinali udzu. A ku ofesi ya ku Lusaka ankagulitsa mipando ya ulendo wobwerera osatifunsa, ifenso kuno tikugulitsa mipando yomweyo. Ankati anthu ena amagula tikiti koma osabwera, ndiye kuli bwino kugulitsa yochuluka kusiyana ndi kuulutsa mpando wopanda munthu. Mwina ku Lusaka zinali choncho. Munthu wa ku Lundazi amene wagulitsa ng'ombe kuti akwere ndege salephera kubwera. Amafika tambala asanalire, atanyamula ndi kamba yemwe. Choncho pafupifupi ulendo uliwonse pankakhala wina wotsala, tikiti ili m'manja.

Mlungu wanga woyamba ndinafunsa a Sakala kuti wotsala timamusankha bwanji. Ndinkayesa ati amene wafika mochedwa.

"Osayang'ana tikiti, iwe. Uziyang'ana nsapato," anatero. "Wa nsapato yopolisha adziwa kulemba kalata ku Lusaka. Wa patapata azabwelela kumudzi, akadandaule kwa mkazi wake."

Ndinaseka poyesa nthabwala, koma iwo sanali kuseka. Ine ndinkalemba mayina motsatira mmene anthu afikira, ndipo tinkakangana nawo pafupipafupi. Nthawi zina ndinkapambana, makamaka akadzuka bwino. Nthawi zambiri cholembera chawo chofiira ndicho chinkapambana.

Tsiku limene silichoka m'mutu mwanga linali mu Febuluwale, mvula itakwiya. Msewu wa ku Chipata unali utaduka, madzi atatenga mlatho, mabasi atasiya kuyenda, ndipo ndege inkabwera kamodzi pa mlungu. Kumidzi nkhokwe zambiri zinali zitauma, anthu akudikira maungu ndi chimanga chachiwisi.

Nditafika m'mawa ndinapeza mayi wachikulire atakhala pakhonde la kanyumba kathu, atafunda chitenje, mapazi ali matope okhaokha. Nsapato zake za pulasitiki anazigwira m'manja kuti zisade.

"Monile, amama," ndinapereka moni.

"Yewo, mwana wane. Ndege ni pano?"

Ndinati ndi pomwepo. Anali NyaMtonga, wa ku Mphamba, ndipo Chitumbuka ndicho chinali chiyankhulo chake chokha. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa tikiti itapindidwa bwinobwino m'kapepala ka shuga. Anandiuza kuti amuna awo, a Zimba, anatengedwa ndi mwana wawo Khirisimasi isanafike kupita kuchipatala chachikulu ku Lusaka, matenda a pakhosi. Tsopano mwanayo, amene ankagwira ntchito pa fakitale, anatumiza tikiti ndi uthenga woti madokotala anena kuti palibenso chomwe angachite, ndipo bambo akungotchula dzina la mkazi wawo. Anandionetsanso kamtolo kake. Munali zitenje ziwiri ndi ufa wa mawere woti akawaphikire phala, pakuti mmero sunkalolanso chakudya cholimba.

Nditawauza kuti akwere pa sikelo anandiyang'ana modabwa, kenako anaseka.

"Kasi mukunigula?"

Ndinati ayi, sitikuwagula, tikungofuna kudziwa ngati ndege iwatha. Anali wopepuka kwambiri. Ndinawalemba pamwamba penipeni pa pepala, pakuti ndi amene anafika poyamba, ndipo ndinawauza ndi pakamwa panga kuti mpando wawo ulipo, madzulo a tsiku lomwelo akhala pambali pa bedi la amuna awo.

Pamene ankamanganso mfundo ya chitenje ndinaona kuti zala zawo zinali zotupa, zikhadabo zitang'ambika. Nditafunsa, anati ndi mtedza. Mlungu wonsewo m'boma lathu munali mlendo, bwana wamkulu wa chipani wochokera ku Lusaka, amene anabwera ndi ndege yapitayo kudzayendera midzi. Kulikonse komwe ankachititsa msonkhano anthu ankayenera kupereka mphatso. Ku Mphamba atcheya a chipani anayenda khomo ndi khomo. NyaMtonga anapereka mtedza umene anasungira nsinjiro, ndipo iwo ndi amayi anzawo anaswa tsiku lathunthu mpaka thumba kudzaza. Anasoka kukamwa kwa thumbalo ndi iwo omwe, aphunzitsi n'kulembapo dzina la mudzi ndi khala.

Ndinafunsa ngati sizinawawawe kupereka chakudya mwezi wa njala. Anangoti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Sanadandaule ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero zimenezo zimandipsetsa mtima kuposa zikanakhala kuti anatukwana.

Ndege inatera bwino, ngakhale matayala anasiya mikwasa yakuya mu udzu. Tinaika zipika, tinakankha makwerero, otsika anatsika. Okwera nditawawerenga ndinawaperekeza NyaMtonga mpaka pampando wawo, cha kumbuyo pafupi ndi zenera, ndinawaonetsa kamangidwe ka lamba. Pakhomo panali mtsikana wotumikira anthu m'ndege, amene tinkamutcha hositesi. Anali wamtali, wa ku Lusaka, wovala kachipewa kopendekeka, wonunkhira sopo amene ife kuno tinali titamuiwala fungo. Sindibisa, ndinkamusirira. Ndinkalota kuti tsiku lina kachipewa kameneko kadzakhala pamutu panga.

Onse atakhala pansi, ndege sinanyamuke. Bwana anali asanafike. Kaputeni anaima pansi pa phiko akuyang'ana mitambo imene inkadetsa kum'mawa, akuyang'ananso wotchi. A Sakala ankangokonza tayi. Bwana sachedwa, ndege ndiyo imafulumira.

Patapita nthawi ndithu tinamva nyimbo. Kunatulukira malandirova, pambuyo pake lole yodzaza amayi a chipani ovala zitenje zofanana, akuimba ndi kuomba m'manja. Bwana anatsika akugwedeza dzanja. Pobwera anali ndi anthu ochepa, koma pobwerera anali atachulukana. Panali mlembi wake, mphwake wopita kusukulu, ndi ena amene sindinadziwe ntchito yawo. Kenako anayamba kutsitsa mphatso. Nyama ya mbuzi m'masaka ikudontha, matumba a mpunga wa kuchigwa, matumba a mtedza, nkhuku m'zitete. Kaputeni anakana nkhuku zamoyo, ndipo amayi atcheya a gulu loimba lija anadzipereka msanga kuti azisunga. Zotsalazo ndinayeza chimodzichimodzi, masamuwo ndikuwaona komwe akulowera.

Kaputeni atalandira pepala anaponda udzu ndi chidendene chake, napukusa mutu. Anati mipando siyikwana, makilo nawonso apitirira. A Sakala analowa m'ndege n'kutuluka ndi mlimi wina wa kwathu kwa Mwase ndi bambo wogulitsa nsalu. Anatsika akung'ung'udza chapansipansi, pakuti panja panali anthu a chipani. Mipando inakwana, koma kaputeni atawerenganso anati sizinathe. Pachoke thumba limodzi, apo ayi munthu mmodzi.

A Sakala, ndiwayamikire pamenepa pokha, anayesa. Anapita kwa mlembi wa bwana atapinda msana, nafunsa ngati thumba limodzi la mtedza lingatsale kuti lidzabwere ndi ndege ya mlungu wamawa. Mlembiyo anayang'ana amayi oimba aja, kenako thumba limene linali pafupi ndi sikelo, lolembedwa ndi khala.

"A Sakala, mufuna anthu a ku Mphamba amve kuti bwana anasiya mphatso yawo pa udzu? Kukana mphatso ni kunyoza anthu. Simudziwa mwambo imwe?"

Mwambowo ulipodi. Kwathu ukapatsidwa nkhuku sunena kuti ndilibe potengera. Koma sindinamvepo kuti mwambo umati wopereka nkhukuyo atsale pamsewu kuti nkhuku ikwere.

A Sakala anabwerera n'kutenga pepala m'manja mwanga. Chala chawo chinatsika, chinakwera, chinaima pa dzina loyamba. Makilo a NyaMtonga pamodzi ndi kamtolo kawo ankangofanana ndi amene kaputeni ankafuna. Nsapato zawonso zinali za pulasitiki. Ndinawauza za a Zimba, za mmero, za ufa wa mawere. Ndinawauza kuti mayiyo ndi amene anafika poyamba.

"Ufuna nichotse ndani? Mkazi wa a majisitileti?" anatero. "Khala chete, ugwile nchito."

Anauza hositesi nambala ya mpando. Sipanapite nthawi hositesiyo anatulutsa mutu pakhomo.

"Iwe kalaliki, bwela kuno! Gogo wako uyu samvela."

M'ndege munali motentha, fungo la nyama yaiwisi litayamba kale kulowa kuchokera kumbuyo. Bwana anali atakhala kutsogolo akuwerenga nyuzi. NyaMtonga anali atagwira chitsulo cha lamba ndi manja onse awiri, akuyang'ana hositesi ndi ine mosinthanasinthana. Sanamve mawu, koma dzanja loloza kukhomo aliyense amalimva.

"Muuze aseluke manje," anatero hositesi. "Muuze kuli ndeke ina izabwela masana."

Ndege ina kunalibe. Iye ankadziwa, ine ndinkadziwa, ngakhale mlonda panja ankadziwa. Ndinagwada pambali pa mpando n'kuwauza NyaMtonga m'Chitumbuka zenizeni, kuti akufuna kuwatsitsa chifukwa katundu wa bwana walemera, ndipo ndege ina ndi ya mlungu wamawa. 

"Nkhukhila yayi," anatero. "Afumu ŵane ŵakunichema."

Ndinatembenukira kwa hositesi n'kumuuza kuti akuti satsika, amuna awo akuwaitana, ndipo amunawo ali pafupi kufa.

"Aliyense muno ali na mavuto yake, sisi. Wamuuza za ndeke ya masana?"

Ndinati sindinawauze, chifukwa kulibe.

Nkhope yake inasintha. Anawerama n'kundinong'oneza, mano atalumana, kuti gogoyu akapanda kutsika, iye ndi amene atsike pa ntchito, ndipo ali ndi ana awiri ku Lusaka opanda bambo. Ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Mantha ndinawaona m'maso mwake. Koma mantha akewo anawatula pa mayi amene analibe pomwe akanatula ake.

Ndinayang'ana anthu ena m'ndegemo. Ambiri ndinkawadziwa, ena tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Onse anapeza chinthu chosangalatsa kunja kwa zenera. Bambo wina wa suti, amene ankangopita kukagula zitsulo za galimoto, ndiye anayankhula.

"Amai, mutichedwetsa. Mvula ibwela."

 Ndinayenda mpaka kutsogolo, ndinagwada pamaso pa bwana monga anatiphunzitsira kwathu, ndinaomba m'manja. Ndinati pepani bwana, amayi amene akutsitsidwawa ndi a ku Mphamba, ndi amene anaswa mtedza uli m'thumba lanu, amuna awo akumwalira ku Lusaka. Ndinapempha kuti thumba limodzi lokha litsale, ndilisunga ndekha, ndidzalikweza ndekha.

Anatsitsa nyuzi pang'ono. Sanakwiye. Anamwetulira ngati mmene amamwetulira pa chithunzi.

"Mwana wanga, izo ni za kampani ya ndeke. Ine ndine pasinja chabe."

Nyuzi inakweranso.

Ndisanadzuke ndinamva kukuwa kumbuyo. Hositesi anali ataganiza zomasula lamba yekha. Anagwira zala zotupa zija n'kuyamba kuzikanula chimodzichimodzi. NyaMtonga analira ndi ululu, nakoka dzanja mwamphamvu, ndipo mkono wawo unagunda kachipewa kaja. Kanagwa n'kugubuduka pakati pa mipando.

"Wanimenya! Mwaona monse, wanimenya!"

Zinathera pomwepo. Analowa amuna awiri a chipani, anawanyamula NyaMtonga wina kuno wina uko, mapazi osagunda pansi. Potsika makwerero nsapato imodzi inavuka. Kamtolo kawo anachita kukaponya pakhomo, kanagwera mu udzu wonyowa. Amayi oimba aja ena anali a ku Mphamba komweko, ndipo atawazindikira nyimbo inazilala. Amayi atcheya anakweza dzanja, nyimbo inakweranso kuposa poyamba.

Ine ndinachotsa zipika, pakuti inali ntchito yanga. Mapulopela anazungulira, mphepo yake inagonetsa udzu, ndege inathamanga bwalo lonse n'kunyamuka cha kumapeto kwenikweni. NyaMtonga anaima pomwe anawasiya, chitenje chikuuluzika, akuiyang'ana mpaka inalowa m'mitambo. Sanalire. Anatola kamtolo kawo n'kuyamba kuona ngati ufa wanyowa.

Ndinawatengera ku kachipinda kamene ndinkachita lendi pa boma. Masiku otsatirawo tinayenda paliponse pamene pankaima galimoto. Dalaivala wina wa lole anatimvera chisoni n'kuwatenga, koma anakabwerera pamtsinje, madzi ali m'khosi mwa mitengo. Anabwerako atatopa, nati basi adikira ndege. M'mawa uliwonse ankayanika ufa uja pa chitenje dzuwa likangotuluka pang'ono.

Uthenga unafika ndege isanabwere. Unadzera pa wailesi yathu yomweyo, pakati pa nkhani za mafuta ndi nyengo. Wa ku Lusaka anauwerenga mothamanga ngati akuwerenga makilo, kuti mwana wa a Zimba wapempha tiuze amayi ake kuti bambo atisiya. A Sakala anayang'ana pansi, nati popeza ndimamva Chitumbuka ndikanene ndine.

Nditawauza, NyaMtonga anayamba kumanga kamtolo kawo. Anati ndiwaperekeze kumsewu wa ku Mphamba. Ndinati akhale kaye, apume. Anakana, nati maliro salirira m'nyumba ya mwana wa eni, angandisiyire tsoka ndisanakwatiwe. Tinayenda kudutsa msika, kudutsa nyumba zomaliza za pa boma. Titangofika pomwe minda imayambira, anatula kamtolo pansi n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni, akutchula dzina la amuna awo. Anthu anatuluka m'minda makasu ali m'manja. A Zimba anaikidwa ku Lusaka konko, pakuti panalibe njira yobweretsera thupi. Ku Mphamba anthu anasonkhana n'kulira maliro opanda manda.

Lipoti limene kampani inalemba linati pasinja mmodzi anatsitsidwa chifukwa chomenya wantchito wa m'ndege. Za mtedza munalibe, za mbuzi munalibe. A Sakala anandipatsa kuti ndisaine monga mboni. Ndinakana. Anandichonderera, anandiopseza, anandikumbutsa kuti malume anga ndi wantchito wa boma. Ndinakanabe. Sipanatenge nthawi kunabwera kalata yoti ntchito yanga itha kumapeto kwa mwezi wotsatira, chifukwa chochititsa manyazi mlendo wolemekezeka. Malume anasiya kundiyankhula mpaka chimanga chitalowa m'nkhokwe. Sindiwaimba mlandu, nawonso anaitanidwa ku ofesi kukafotokoza kuti mwana wa mlongo wawo analeredwa bwanji.

Ndagwira ntchito zambiri kuchokera pamenepo. Ndagulitsapo matikiti a basi, ndakhalapo pawindo la chipatala, ndakalamba ndikuyang'ana mizere ya anthu. Chimene ndinatola pa bwalo lija n'chakuti wamkulu satsitsa munthu pampando ndi manja ake. Ali ndi mlembi, ali ndi a Sakala, ali ndi hositesi, ndipo aliyense wa iwo ali ndi ana oti adyetse. Wamkuluyo amatsala woyera, akuwerenga nyuzi. Ine ndilibe mphamvu yoletsa zimenezo, ndipo sindinakhalepo nayo. Koma ndikatumidwa kukauza munthu kuti malo ake atengedwa, ndimamuuza amene wawatenga, ndipo sindimulonjeza zomwe kulibe. Zandichotsetsapo ntchito kwina, zandimanitsa kukwezedwa kwina. Ndimagona tulo.

Ndege yomaliza imene ndinailandira inabwera mvula itayamba kuchepa, udzu utauma, mipando yambiri ilibe anthu. Mwana wa a Zimba anali atatumiza mawu kuti katundu wa bambo ake abwera ndi ndege imeneyo, pakuti iye sanapatsidwe tchuthi. NyaMtonga anabwera kudzalandira, atavala zakuda, mutu atameta. Anakhala pakhonde pomwe paja.

Inali sutikesi yakale yomangidwa ndi chingwe, pamwamba atakulungapo bulangeti. Ndinaitsitsa ndekha. Palibe anafunsa makilo ake. Ndikuwapatsira, hositesi anatsika makwerero kudzatenga mapepala kwa a Sakala. Anali yemwe uja. Atawaona mayiwo anaima, nafuna kutembenuka, koma NyaMtonga anali atadzuka kale. Anamuyandikira, anapinda mawondo pang'ono mwaulemu, nayankhula motsitsa mawu.

"Mwana wane, skaŵa zila zikafika makola?"

Hositesi anandiyang'ana. "Ati bwanji?"

A Sakala anandigwedezera mutu kuti ndisanene. Koma kalata yondichotsa ntchito inali itabwera kale, analibenso chondilanda.

"Akufunsa ngati mtedza uja unafika bwino."

 Mtsikanayo anayang'ana zovala zakuda, anayang'ana sutikesi. 

"Unafika," anatero.

Ndinawauza NyaMtonga kuti akuti unafika. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za mlendo amene anamuperekeza.

"Yewo," anatero.

Anapinda chitenje kupanga nkhata, ndinawasenzetsa sutikesi ya amuna awo, iwo n'kuuyamba ulendo wa ku Mphamba wapansi.